Chigumu Sichinapse: zolemba za kanema wanga wa zidole za fulawa

Kumapeto kwa Julaye

Ntchito ya tchuthi chino ndi kupanga kanema wa mphindi imodzi ndi theka, wa zidole zoumba ndi fulawa, wojambulidwa ndi foni pathebulo la kukhitchini. Mayeso a MSCE ndalemba ndamaliza, makope ali m'katoni pansi pa bedi, ndipo zotsatira zikadali kutali. Ndikakhala manja lende, mutu umangobwerera ku pepala la masamu n'kumawerengetsera mamalikisi omwe sindingawasinthenso. Bola manja apeze chochita.

Nkhani yake njaifupi. Mtsikana wakanda chigumu, wachiika m'poto pambaula, wathira makala pamwamba pa chivundikiro. Agogo ake amuloza chala kuti asavundukule, iwo n'kunyamula khasu ulendo wa kudimba. Kanema yense ndi kudikirako basi. Mulibe mawu olankhula ngakhale amodzi. Woonera azindikire yekha pamene mtsikanayu wasangalala, pamene mtima wayamba kumuthawa, pamene wakwiya, ndi pamene wachita manyazi.

Maganizowa anabwera titaonera Inside Out palaputopu ya msuweni wanga. Kampani ya Pixar inatulutsa kanema woyamba wa Inside Out mu 2015, motsogozedwa ndi Pete Docter, ndipo m'mutu mwa kamtsikana ka zaka 11 anaikamo tianthu tisanu: wachimwemwe, wachisoni, wamantha, wamkwiyo ndi wonyansidwa. Mu kanema wachiwiri wa 2024, mtsikanayo atakwanitsa zaka 13, anawonjezeramo nkhawa, kaduka, manyazi ndi kunyong'onyeka. Nkhawayo, yatsitsi loima, yofika ndi masutikesi m'manja onse, ndinaidziwa nthawi yomweyo, ndimagona nayo chipinda chimodzi. Koma a Pixar ali ndi makompyuta ndi antchito mazanamazana, ndiye angathe kupatsa kumva kulikonse thupi lake ndi mtundu wake. Ine ndili ndi chidole chimodzi. Zonsezo ziyenera kukwana mwa icho chokha, ndipo ndikuona kuti umu ndi mmene zilili mwa munthu weniweni: sizimabwera pamzere, zimabwera zitasakanikirana.

Masamu ake ali motere. Kanema wamba amayenda zithunzi 24 pa sekondi. Opanga makatuni ambiri amajambula chithunzi chimodzi n'kuchionetsa kawiri, kotero kuti zithunzi 12 pa sekondi zimakwana ndipo diso silidandaula. Masekondi 90 kuchulukitsa ndi 12 ndi zithunzi 1,080. Chithunzi chilichonse ndiyenera kusuntha chidole pang'ono, kuchotsa dzanja, kujambula, kusunthanso.

Zida zomwe zilipo: foni yakale ya Android, pulogalamu ya Stop Motion Studio yojambulira zithunzi n'kuzilumikiza kukhala kanema, nyali ya sola, makatoni ochokera kugolosale, ndi mlongo wanga wa Sitandade 5, yemwe wadzipatsa yekha udindo wa woyang'anira mawaya.

Kumayambiriro kwa Ogasiti

Sabata ino yathera pa kukanda. Mlongo wanga anayamba ndi kunena kuti tigwiritse ntchito mgaiwa popeza ulipo wambiri. Mgaiwa ndi ufa woyera zimaumbika zikadali zonyowa, koma zikangouma zimanyenyeka, chifukwa chimanga chilibe gluten, chinthu chomwe chimachititsa ufa wa tirigu kutamuka ndi kugwirana. Ufa wa chinangwa ukauphika umamata kwambiri moti sungaumbe nawo nkhope, koma wakhala guluu wabwino womatira makatoni. Choncho zidole zonse ndi za fulawa.

Muyeso womwe wagwira ndi makapu awiri a fulawa, kapu imodzi ya mchere, ndi madzi osadzadza kapu, othira pang'onopang'ono. Mchere wamiyala wa kumsika uyenera kusinjidwa kaye mpaka usalale, apo ayi nkhope ya chidole imatuluka zotupa. Fulawa akhale wamba, osati wa self-raising, chifukwa uja amafufuma akamva moto ndipo mphuno imasowa. Kukanda kwake ndi kwa nthawi ndithu, mpaka asiye kumata m'manja.

Fulawa wamchereyu akauma amalimba gwa, ndiye ndi woyenera zinthu zosasuntha: poto, chivundikiro, mbaula, mpando, mitu. Omwe ali ndi uvuni amaumitsa pamoto wochepa, cha pa madigiri 100, kwa maola angapo. Ife tikuyanika palata padzuwa masana, madzulo n'kumalizitsa m'poto wa mchenga pamakala omwe akuzima. Moto ukachuluka, kunja kumauma msanga, nthunzi yamkati imasowa potulukira, chidole n'kutupa kapena kung'aluka.

Thupi ndi manja ziyenera kupindika, ndiye zimafuna fulawa wophika. Kapu ya fulawa, theka la kapu ya mchere, kapu ya madzi, sipuni yaikulu ya mafuta ophikira, ndi madzi a mandimu pang'ono. Umavundula pamoto wochepa mpaka zichoke m'mbali mwa poto n'kuunjikana pamthiko, kenako umakanda zikadali zofunda. Zikasungidwa m'jumbo yomangidwa bwino zimakhala zofewa masiku ambiri.

Mkati mwa thupi muli waya. Apa mlongo wanga ndiye katswiri, popeza wakhala akupanga galimoto za mawaya kuyambira kale. Anapota mawaya awiri opyapyala pamodzi, akuti umodzi wokha umathyoka pa chigongono ukaupinda kawirikawiri. Mapazi anawasiyira nsonga zoboola katoni yapansi kuti mtsikanayo asagwe.

Nkhani ya fulawa inafika kwa amayi, omwe amaphika mandasi ogulitsa. "Iwe, fulawa wa mandasi anga ndiye ukuumbira tiana toti sitidya?" Tagwirizana kuti ndizidzuka nawo m'bandakucha kukazinga, malipiro anga ndi kapu ya fulawa. Anandichenjezanso kuti zidole ndisazisiye pansi, kuopa galu. Akunena zoona: mchere wochuluka chonchi ungadwalitse galu kwambiri, ngakhalenso mwana wokwawa.

Masiku angapo pambuyo pake

Mitundu yonse ndikufuna ichokere m'khitchini momwemo, kupatula inki ya bolopeni pa maso.

Khungu: koko pang'ono ndi madzi a tiyi wowira kwambiri, othira pokanda m'malo mwa madzi wamba. Likauma limawala kuposa mmene linalili lonyowa, ndiye ndi bwino kuyamba ndi lakuda kupitirira. Chakuda cha poto ndi mbaula: makala osinja, osefa. Chikasu cha chigumu: ufa wa curry.

Chidede ndiye chandisangalatsa. Ukawiritsa, madzi ake ndi ofiira, ndipo ukathiramo mandimu amafiira kwambiri. Koma agogo atandipatsa chidulo chawo cha therere n'kuthiramo dontho limodzi lokha, mtundu unatembenuka pomwepo kukhala wakuda mobiriwira. Ndi nkhani ija ya acid ndi base yomwe tinkaloweza ku Chemistry: utoto wa m'chidede umasintha malinga ndi chomwe wakumana nacho, ndipo chidulo, popeza ndi madzi osefedwa m'phulusa, ndi base. Curry nayenso akakumana ndi chidulo kapena soda amasiya chikasu n'kukhala wofiirira. Zimenezi zandipatsa mphatso: chigumu chakanemayo chikamapserera, ndingochipaka chidulo m'mbali ndi nthenga ya nkhuku, n'kujambula mtundu ukusintha wokha.

Diresi ya mtsikanayo ndi chidede cha mandimu. Agogo a m'kanema avala kansalu kenikeni, kotsala pa chitenje kwa atelala.

Pakati pa Ogasiti

Nkhope. Apa ndi pomwe ndathera nthawi yambiri, ndipo ndi pomwe maganizo anga asintha.

Njira yomwe ndinasankha ndi youmba mitu ingapo ya munthu mmodzi, uliwonse ndi nkhope yake, n'kumaisinthanitsa pakhosi. Si yatsopano. George Pal ankachita zimenezi ndi mitu yosema pamtengo m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, ndipo kampani ya Laika ya ku America, kuyambira pa Coraline mu 2009, imasindikiza nkhope zambirimbiri ndi makina a 3D. Ine ndinatsata mndandanda wa Paul Ekman, katswiri wa zamaganizo yemwe anathandizanso a Pixar ndi upangiri. Iye, atafufuza mpaka kwa anthu a mtundu wa Fore ku Papua New Guinea chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ananena kuti pali nkhope zisanu ndi imodzi zomwe anthu a kulikonse amazizindikira: chimwemwe, chisoni, mkwiyo, mantha, kunyansidwa ndi kudabwa. Ndinaumba mitu isanu ndi umodzi, ndi wina wowonjezera wopanda chilichonse, milomo yongotseka, maso ongoyang'ana.

Madzulo ndinaifola palichero n'kuitana a pakhomo. Wachimwemwe aliyense anaudziwa. Wamkwiyo nawonso, chifukwa cha nsidze zotsika. Koma wamantha ndi wodabwa anausokoneza onse. Wonyansidwa uja amayi anati wamva fungo la usipa wowola, mlongo wanga anati akufuna kuyetsemula. Agogo anatola wopanda chilichonse uja, n'kuuyang'ana nthawi yaitali. "Uyu ndiye ali ndi nkhani. Wakhala chete, koma mumtimamu muli zinthu."

Mawu a agogowa anandikumbutsa za Lev Kuleshov, wopanga mafilimu wa ku Russia, yemwe cha m'ma 1920 anatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya mwamuna yosaonetsa kanthu, n'kuchilumikiza ndi zinthu zosiyana: mbale ya supu, bokosi la maliro, mkazi. Oonera anaona njala, chisoni ndi chilakolako pankhope yomwe sinasinthe n'komwe. Ndinayesa zomwezo pafoni. Mutu wopanda kanthu uja, kenako poto akutuluka nthunzi, kenako mutu womwewo. Mlongo wanga anati, "Achemwali, ameneyu njala yamupha." Ndinasintha, pakati n'kuikapo chitseko chomwe agogo atulukira. Anati, "Apa akuopa kukalipiridwa." Mutu ndi womwewo, fulawa wouma gwa.

Alipo akatswiri ena, monga Lisa Feldman Barrett, omwe amatsutsa Ekman, akuti nkhope payokha siiuza zambiri, timawerenga kumva kwa munthu kuchokera pa zomwe zamuzungulira. Mkangano wawo sindingauweruze ine wa Folomu 4, koma pathebulo langa lichero lija lapereka umboni ku mbali yachiwiri. Ndikaganiza bwino, ndinkazidziwa kale. Pamaliro, mayi yemwe wakhala duu pakona, osalira, ndi amene timamudera nkhawa kwambiri. Ndipo kwathu kuno mwana waulemu sakwiya pankhope pamaso pa akulu, amayang'ana pansi, mkwiyo wake n'kupita pa mmene akutsukira mbale.

Gromit, galu wa m'makatuni a Nick Park a kampani ya Aardman ku Bristol, alibe pakamwa n'komwe. Chilichonse amachinena ndi chipumi, makutu ndi maso, ndipo palibe amene anadandaulapo kuti samumva. Kumuziyamu ya Chamare ku Mua, m'boma la Dedza, kuli zigoba zambiri za Gule Wamkulu, nkhope zosasuntha, koma aliyense amene anaonapo gule pabwalo amadziwa kuti khalidwe la chilombo limaoneka m'mapazi, m'mapewa ndi m'mayendedwe.

Chigamulo: mitu isanu ndi umodzi ija yapuma. Ndigwiritsa ntchito wopanda kanthu uja pafupifupi kanema yense, wokhala ndi nsidze za fulawa wofewa zomwe ndingazisunthe ndi kamtengo ka machesi, ndi maso a mikanda yoyera yokhala ndi kadontho ka inki, yotembenuzika ndi singano. Mutu womwetulira uoneka kamodzi kokha.

Chiperoni

Kuno ku Zomba kunachita chiperoni mosayembekezeka, nkhungu ndi mvula yowaza masiku angapo. Mchere umakoka chinyontho cha mumpweya, ndiye zidole zonse zouma zinayamba thukuta. Chivundikiro cha poto chinafewa n'kupindika, mbaula inapendekeka. Ndaumitsanso zomwe zinatheka, ndipo tsopano chilichonse chikauma chikupakidwa polishi ya zikhadabo yosaoneka mtundu, n'kugona m'chitini chotseka momwe muli mpunga wouma pang'ono. Polishiyo imanyezimira pa nyali, ndiye pankhope sindikupaka, ndikungopaka kumbuyo ndi pansi.

Vuto lina ndi kuwala. Zithunzi zoyesera zomwe ndinajambula pafupi ndi zenera zikuphethira ukaziyendetsa, chifukwa mtambo uliwonse wodutsa umasintha kuwala pakati pa chithunzi ndi chinzake. Diso la munthu silizindikira, koma foni imazindikira. Ndatseka zenera ndi bulangete, kuwala konse kukuchokera ku nyali ya sola yomwe ndamangirira pampando, yophimbidwa ndi pepala loyera kuti mithunzi ifewe. Pafoni ndatseka focus (pomwe kamera ikulunjika) ndi exposure (kuchuluka kwa kuwala komwe ikulandira) kuti isamadzisinthire yokha. Nyaliyo ikayamba kuchepa mphamvu ndimasiya, ngakhale chikhale pakati pa chochitika. Ubwino wake, magetsi akathima ntchito siima, bola foni ikhale ndi moto.

Foni yakhala m'katoni yodulidwa mpata, yotsamiritsidwa ndi njerwa. Kuti ndisaigwedeze pojambula ndikudina batani la voliyumu la pa mahedifoni. Ndaphunziranso kuvala zakuda ndi kuima malo amodzimodzi, chifukwa malaya oyera amabweza kuwala pachidole.

Kumapeto kwa Ogasiti

Gawo loyamba latha: kukanda, kuthira m'poto, kuika makala, agogo kuloza chala ndi kutuluka. Ndi masekondi 25, zithunzi 300. Mbali ya pulogalamu yotchedwa onion skin, yomwe imaonetsa chithunzi chapitacho mozimiririka pamwamba pa chatsopano, ndi yomwe ikundithandiza kudziwa kuti dzanja ndalisuntha motani.

Makala oyaka ndi timapepala ta maswiti tofiira tofinyafinya, tosintha pa chithunzi chilichonse kuti moto uzioneka ngati ukupuma. Nthunzi ndi thonje lomwazidwa, lokwezedwa ndi ulusi wakuda.

Frank Thomas ndi Ollie Johnston, akatswiri akale a ku Disney, analemba mu 1981 mfundo 12 za kayendetsedwe ka makatuni. Ziwiri zokha ndi zomwe zandigwira dzanja. Yoyamba: chinthu chisanapite kutsogolo chimayamba chabwerera pang'ono. Chala cha agogo chikangoloza osayamba chakwera m'mwamba, sichiopsa. Yachiwiri: kuyenda kumayamba pang'onopang'ono, kufulumira pakati, n'kutha pang'onopang'ono. Ndiye kumayambiriro ndi kumapeto ndimasuntha mamilimita ochepa, pakati n'kusuntha kwambiri. Zina khumizo zidikire.

Kumayambiriro kwa Seputembala

Gawo la kudikira, lomwe ndi mtima wa kanemayu, landivuta kuposa momwe ndinkaganizira. Mtsikana wakhala pampando, poto ali apo, palibe chochitika. Ndikajambula chidole chosasuntha kwa masekondi atatu, sichioneka ngati chikudikira, chimaoneka ngati foni yazima. Ndikachisuntha kwambiri, chimaoneka ngati chikuvina.

Yankho ndinalipeza pakhonde. Wailesi inali kulengeza nkhani za madzulo, ndipo atangotchula mawu oti MANEB, amayi anasiya kusankha nyemba. Inali nkhani ina, yosakhudza zotsatira zathu, koma ine ndinali kuwayang'ana. Nkhope yawo sinasinthe ngakhale pang'ono. Chala chachikulu ndi chomwe chinayamba kupotokola nsonga ya chitenje, kupota, kumasula, kupotanso, maso ali palichero koma osaona nyemba. Nkhaniyo itatha anapuma mpweya wautali, mapewa n'kutsika, n'kupitiriza ntchito. Sindinkadziwa kuti nawonso akudikira chonchi. Pakhomo pano sitikambirana za zotsatira, aliyense amangoti "zonse ndi Mulungu" n'kusintha nkhani.

Tsiku lotsatira ndinaumbanso manja a chidole, aakulupo kuposa muyeso wa thupi, okhala ndi kawaya m'chala chachikulu. Tsopano gawoli likuyenda chonchi. Thupi lili phee. Chala chikupota nsonga ya diresi, zithunzi zisanu ndi chimodzi kupota, zinayi kumasula. Maso akupita papoto, akhala pamenepo theka la sekondi, athawira kukhomo, abwereranso. Phazi limodzi likugunda pansi kawiri n'kusiya. Mapewa akukwera ndi kutsika milimita imodzi yokha, kuti aoneke kuti akupuma. Kenako dzanja linyamuka kupita ku chivundikiro, liima m'malere, libwerera. Kuima m'malereko ndinakuyesa kwa utali wosiyanasiyana. Zithunzi zinayi, akuoneka ngati wangopsa ndi moto. Zithunzi makumi awiri, akuoneka ngati waiwala chomwe amafuna. Pa khumi ndi ziwiri, sekondi imodzi yathunthu, ndi pomwe akuoneka kuti akulimbana ndi mtima wake. Nkhawa yonse ya mtsikanayu yakhala pa sekondi imodziyo, ndipo nsidze sindinazikhudze n'komwe.

Ndinaonetsa amayi pafoni osawauza komwe ndinatenga chalacho. Anaonera kawiri. "Kamwanaka kakuvutika bwanji. Bwanji osangokalola kavundukule?" Ndinati, "Amayi, chigumu chikhala chosapsa." Anaseka, n'kunena kuti mafuta a mandasi atha, ndikagule.

Pali chinthu china chomwe ndazindikira pa ine mwini. Pamene ndikusuntha chala cha fulawa milimita imodzi, sindingaganize za pepala la masamu. Mutu sukwana zonse ziwiri. Nkhawa siichoka, ikamakwana nthawi yogona imakhala ilipo, koma masana imakhala ndi poti ikhale, pathebulo paja, pomwe ndingaiyang'ane n'kuiuza kuti ikweze phewa pang'ono. Mnzanga wina wa m'kalasi mwathu anandilembera pa WhatsApp kuti sakugona komanso chakudya sichikulowa. Ndamuitana kuti azibwera kudzagwira nyali, ndipo ndamuuza kuti auze achemwali ake aakulu, chifukwa kusagona kwa masabata si nkhani yoti ithe ndi zidole.

Pakati pa Seputembala

Kutentha kwayamba, ndipo fulawa wofewa akuuma msanga pansi pa nyali. Zigongono zikung'aluka pakatha ola limodzi. Ndikuzipaka mafuta ophikira ndi nsonga ya chala, ndipo manja osinthira ali m'jumbo okonzeka.

Gawo la mkwiyo latha mofulumira, ndi losavuta: mtsikana akankha mpando, zithunzi zochepa, kusuntha kwakukulu. Gawo la manyazi ndi lomwe mlongo wanga akulikonda. Mtsikana walephera kupirira, wavundukula, nthunzi yathawa, pakati pa chigumu pagwa, ndipo chitseko chikutseguka. Iye abisa chivundikiro kumbuyo, mutu utsika, phazi limodzi likwera pa linzake. Agogo aima pakhomo osasuntha kwa masekondi awiri. Mlongo wanga akuti masekondi awiri amenewo amamuopsa kuposa kukalipa, ndipo akudziwa zomwe akunena, wakhala akuwaona pakhomo pano.

Pa za mathero tinakangana ndi mlongo wanga. Iye amafuna agogo amukwapule ndi chipande, akuti anthu aseka. Ine ndasankha kuti agogo angotenga chivundikiro, abwezeretse, awonjezere makala, akhale pansi pambali pa mdzukulu wawo, onse awiri ayang'ane poto. Mutu womwetulira uja mwina sindiugwiritsanso ntchito. Ndiyesa kaye kuona ngati kutsamira kwa mutu paphewa la agogo kukwanira.

Pofufuza za makatuni opangidwa kufupi ndi kwathu ndinapeza Supa Team 4, yomwe inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, nkhani yake ikuchitikira mu Lusaka, ndipo anagwira ntchito ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Ndi ya pakompyuta, yosiyana kutali ndi zanga, koma kumva kuti mtsikana wa kuseri kwa Mchinji kuno anafika pamenepo kwandichititsa kufunsa msuweni wanga ngati laputopu yake ingakwanitse Blender, pulogalamu yaulere ya makatuni a 3D. Akuti tiyesa, koma mwina izitentha.

Mmene zilili lero

Zithunzi zojambulidwa zapitirira 900. Latsala gawo lomaliza, la masekondi pafupifupi 12, ndi mawu oyamba a mutu wa kanema, omwe ndikufuna kuwalemba ndi chala pa ufa womwazidwa palichero, chilembo chimodzichimodzi.

Phokoso ndayamba kujambula padera, usiku anthu akagona ndi agalu akatopa. Kuthetheka kwa makala enieni sikumveka bwino pafoni, koma jumbo ya shuga yofinyidwa pang'onopang'ono pafupi ndi maikolofoni ikumveka ngati moto kuposa motowo. Chivundikiro ndi cha poto weniweni wa amayi. Mapazi a agogo ndi patapata pasimenti. Nyimbo sindiikamo, kupatula agogo enieni akung'ung'udza pamene akulowa, ngati avomere. Ndawapempha, ayankha kuti mawu awo si a pawailesi, koma sanakane.

Zofunika kukonza: pa sekondi ya 41 chala changa chikuoneka pakona ya chithunzi chimodzi, chiyenera kuchotsedwa ndipo chithunzi chapafupi chibwerezedwe. Mtundu wa diresi wazilala poyerekeza ndi gawo loyamba, chifukwa chidede sichipirira kuwala. Ndipakanso ndisanajambule gawo lomaliza, ndipo kusiyana komwe kulipo kale ndikusiya. Foni yadzaza, ndiye zithunzi zonse zisamukire ku laputopu Loweruka lino msuweni akabwera. Mutu wa agogo wang'aluka kumbuyo kwa khutu, koma duku likubisa. Fulawa watsala wokwana manja awiri, ndiye mawa m'bandakucha ndili pa mandasi.